Misa, phala ndi maphunziro pa pulaimale ya Katolika: tikonze bwanji chaka chamawachi?

Mlembi wa komiti ya sukulu:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Sukulu zitsegulidwa posachedwapa ndipo komiti yathu ikhala pansi kukonza ndondomeko ya chaka chonse. Sukulu yake ndi pulaimale ya Katolika muno mu Lilongwe, ana alipo cha m'ma 800, aphunzitsi amalipidwa ndi boma koma mwini sukulu ndi mpingo. Makolo agawikana pawiri. Ena akuti mapemphero achuluka mpaka akudya nthawi ya kalasi. Ena akuti chikatolika chinatha kalekale, chatsala ndi dzina la woyera pa chikwangwani basi. Palinso ofuna kuti tiyambe kuphika phala. Tithandizeni ndi zogwirika: Misa ichitike kangati, katekisimu aphunzitsidwe nthawi yanji, ana a mipingo ina tiziwatani, ndipo phala limafuna matumba angati.

Mphunzitsi wopuma, Kawale:
A mlembi, yambani ndi asembule, chifukwa nthawi yambiri imatayikira pamenepo, osati pa Misa. Werengani nokha. Asembule ikapitirira ndi mphindi 15 tsiku lililonse, pa sabata ndi mphindi 75. Pa teremu ya masabata 13 ndi mphindi 975, kutanthauza maola oposa 16. Ndipo piriyodi imene imadyedwa ndi yoyamba, yomwe kawirikawiri imakhala ya Chichewa, Chingerezi kapena masamu, pamene mutu wa mwana ukadali wozizira.

Asembule yabwino isapitirire mphindi 15 yonse. Chizindikiro cha mtanda, Atate Athu, ndime imodzi ya m'Baibulo yosaposa mavesi anayi yowerengedwa ndi mwana, nyimbo imodzi ya mavesi awiri, nyimbo ya fuko, zolengeza, ana m'kalasi. Chimene chimaononga ndi zolengeza. Ahedi akalankhula, achiwiri awo abwereza zomwezo, kenaka mphunzitsi wa dyute naye awonjezera zake. Zolengeza zonse zilembedwe pa pepala limodzi dzulo lake ndipo awerenge munthu mmodzi. Nkhani yokhudza kalasi imodzi ikanenedwe m'kalasi momwemo, osaimitsa ana 800 padzuwa chifukwa cha ana khumi amene sanasese.

Katekisti:
Ndikugwirizana ndi aphunzitsi. Pa Misa, katatu pa teremu nkokwanira: yotsegulira, ina pakati, ndi yotsekera. Pa chaka muwonjezerepo Lachitatu la Phulusa, tsiku la woyera amene ndi nkhoswe ya sukulu, ndi Misa yopempherera a Sitandade 8 asanalembe mayeso. Masiku amenewa mukawapereke kwa bambo mfumu teremu isanayambe, alembedwe m'buku la parishi. Mukadikira kuti muwauze sabata yomweyo mupeza ali ku nthambi kapena ku maliro, ana akhala m'tchalitchi kuyembekeza mpaka 9 koloko, tsiku lonse latha.

Misa ya ana ithe mu ola limodzi. Zimatheka mukachita izi. Kuwerenga kukhale kumodzi, salimo, kenaka Mthenga Wabwino. Mapemphero a akhristu akhale asanu, olembedwa kale, osati aliyense wofuna. Kwaya iuzidwe kuti nyimbo yolowera itha wansembe akafika pa guwa. Mdipiti wa mtulo ndi umene umatalikitsa zinthu, ndiye kalasi imodzi yokha ibweretse mtulo pa Misa iliyonse, mosinthana. Zolankhula za atcheya ndi za ahedi zikhale kunja, Misa itatha.

Madamu a Sitandade 1:
A katekisti, kumbukiraninso ang'onoang'ono. Mwana wa zaka 6 sangakhale chete ola lathunthu ali kumbuyo komwe sakuona chilichonse. Sitandade 1 ndi 2 akhale kutsogolo pa mkeka, mphunzitsi kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo onse apite kuchimbudzi asanalowe. Mu Okotobala ndi Novembala zitseko ndi mawindo zikhale zotsegula, chifukwa mwana wobwera osadya amakomoka msanga m'chitentho.

Kholo la ku Chinsapo:
Pepani ndifunse mosabisa. Bwanji katekisimu osangomulowetsa m'piriyodi ya Bible Knowledge? Ana ali kale m'kalasi, mphunzitsi alipo. Masana ana ambiri sabwerera, kwawo nkutali.

Mphunzitsi wa Sitandade 8:
Bambo, zimenezo zimaoneka zophweka koma zimapweteka mwana pa mayeso. Bible Knowledge ili ndi silabasi yake ya boma, ndipo mafunso a MANEB pa PSLCE, mayeso omaliza a Sitandade 8, amachokera m'silabasi imeneyo, osati m'katekisimu. Mphunzitsi akatha teremu akuphunzitsa masakramenti asanu ndi awiri m'malo mwa mitu ya m'buku, mwana akafika m'chipinda cha mayeso akupeza mafunso a zinthu zimene sanazimvepo. Chachiwiri, m'kalasimo muli ana a CCAP, a Seventh Day, a Chisilamu, a mipingo ya Pentekoste. Makolo awo anawabweretsa kudzaphunzira, ndipo sukulu yothandizidwa ndi boma imalandira mwana aliyense. A PEA, alangizi a zamaphunziro oyendera sukulu za m'zoni, akabwera kudzaona sikimu ndi lesoni pulani napeza kuti zolembedwa ndi zina, zophunzitsidwa ndi zina, mlandu umagwera mphunzitsi, osati komiti.

Katekisti:
Zoona. Katekisimu ndi wa parishi, ndipo ali ndi malo ake, makalasi a ana otchedwa Tilitonse. Vuto la mtunda limene bambo akunenali lili ndi njira yake. Musawauze ana kuti apite kwawo abwerenso. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, mwachitsanzo Lachitatu, kalasi iyambe pakangotha mphindi 20 chiwerukireni, itenge mphindi 45, ana anyamuke dzuwa likadali pamwamba. Sukulu ibwereke chipinda, parishi itumize alangizi. A makalasi aang'ono amaweruka msanga, ndiye iwo ayambe msanga, asamangoyendayenda pabwalo kudikira akuluakulu.

Magulu agawidwe potengera sakramenti limene mwana akukonzekera, osati sitandade yake. Pali osabatizidwa amene makolo awo apempha ubatizo, pali okonzekera kulapa ndi Ukaristia woyamba, pali okonzekera ulimbitso. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kukhala asanalandire Ukaristia, wa Sitandade 4 atalandira kale. Mukawasakaniza, wina amangobwereza zomwe akudziwa, wina satolapo kanthu. Gulu lisapose ana 40 pa mlangizi mmodzi, ndipo pakhale rejisitala yoitana maina sabata iliyonse.

Chimene chimavuta chaka ndi chaka ndi khadi la ubatizo. Lamulo la mpingo limalola mwana kulandira Ukaristia akafika msinkhu wozindikira, cha m'ma zaka 7, atakonzekera bwino, koma palibe wansembe angamulandiritse popanda umboni woti anabatizidwa. Muno mu mzinda mabanja ambiri anachokera kwina, mwana anabatizidwira ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Zomba, khadi linatsala kumudzi kapena linanyowa. Kupeza kalata ku parishi yakale kumatenga nthawi. Ndiye makadi asonkhanitsidwe mwezi woyamba wa kalasi, alembedwe m'buku, abwezedwe kwa makolo. Mukadikira sabata yomaliza mwana amalira anzake akuvala zoyera iye atabwezedwa.

Mphunzitsi wa Sitandade 8:
Pa makadipo ndiwonjezere. Yerekezani dzina la pa khadi la ubatizo, la m'rejisitala ya sukulu, ndi la pa chiphaso cha kubadwa cha NRB. Nthawi zambiri ku tchalitchi mwana amadziwika ndi dzina la woyera, kusukulu ndi dzina la pakhomo, ndipo chiwongo nthawi ina ndi cha bambo, nthawi ina cha amalume. Dzina limene lapita ku MANEB ndi limene lidzatuluke pa satifiketi, ndipo kulisintha pambuyo ndi ntchito yaikulu. Izi zikonzedwe mwana ali Sitandade 7, kholo lisaine kuti dzina ndi tsiku lobadwa zili bwino.

Kholo la mpingo wa CCAP:
Ine ndikufuna ndimve bwino pa ana athu. Kodi pa Misa akukakamizidwa kulowa? Nanga phulusa lija?

Sisiteri:
Funso labwino, bambo, ndipo liyenera kuyankhidwa pa tsiku lolembetsa mwana, osati pakabuka mkangano. Kholo liuzidwe poyera kuti sukulu ino imapemphera mwachikatolika, pali Misa masiku akutiakuti, pali mtanda m'kalasi. Mwana wa mpingo wina amayembekezeka kukhala mwaulemu, kuima anzake akaima, kukhala chete. Sakakamizidwa kuchita chizindikiro cha mtanda, kunena Tikuoneni Maria, kapena kugwada. Kholo likanena kuti mwana wake asalowe m'tchalitchi, pakhale chipinda chimodzi chokhala ndi mphunzitsi ndi mabuku owerenga. Asapatsidwe khasu kapena tsache nthawi imeneyo, chifukwa zikatero mwana amaona ngati akulangidwa chifukwa cha chipembedzo cha kwawo.

Phulusa si sakramenti, aliyense wofuna akhoza kulandira, wosafuna akhale pa mpando wake popanda womuloza chala. Ukaristia ndiye ndi wa Akatolika okhawo amene analandira kale koyamba. Apa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa mwana wamng'ono akaona mzere amangotsatira. Dzulo lake mphunzitsi aliyense afotokoze m'kalasi mwake mofatsa, ndipo pa nthawi yolandira mlangizi wa Tilitonse amene amawadziwa anawo aime kumayambiriro kwa mzere. Kumubweza mwana atafika kale pamaso pa wansembe kumamuchititsa manyazi amene saiwalika msanga.

Kumbukiraninso masiku a anzathu. Ntchito ya chitukuko kapena makalasi owonjezera mukangowaika Loweruka m'mawa nthawi zonse, mwatsekera kunja a Seventh Day. Anyamata a Chisilamu a makalasi akuluakulu amafuna kukafika ku mzikiti Lachisanu masana, ndiye musaike mayeso a sabata pa piriyodi yomaliza ya Lachisanu. Nkhani ya hijabu inakambidwa kale pakati pa atsogoleri a zipembedzo kudzera ku bungwe lawo la Public Affairs Committee (PAC) mu 2021, ndiye komiti isapange lamulo lakelake, ifunse ku ofesi ya zamaphunziro ya arkidayosizi kuti igwiritse ntchito zomwe anagwirizanazo.

Kholo la mpingo wa CCAP:
Zikomo asisiteri, zamveka. Zikanalembedwa pa pepala limodzi loti kholo lililonse lilandire polembetsa, bwenzi madandaulo ambiri kulibe.

Kholo la ku Chinsapo:
Koma abale, tikachotsa katekisimu m'kalasi, tafupikitsa asembule, Misa katatu pa teremu, chikatolika chatsala pati? Si zomwe makolo ena akudandaulazo?

Sisiteri:
Chatsala chambiri, bambo, ndipo sichifuna kuba piriyodi ya masamu. Mu Okotobala ndi mu Meyi, chigawo chimodzi cha korona pa asembule, Atate Athu mmodzi, Tikuoneni Maria khumi, Ulemu kwa Atate, chimatenga mphindi zinayi. Masiku asanu a sabata mwamaliza korona yonse. Mu Lenti, Njira ya Mtanda ichitike Lachisanu ana ataweruka, malo 14 aja agawidwe kwa ana 14 owerenga, ithe mu mphindi 30. Pa 3 Juni pali chaka cha Amaritiri a ku Uganda, ndipo Kizito, wamng'ono mwa onsewo, anali wa msinkhu wa ana a Sitandade 7 kapena 8. Ana amamvetsera nkhani yake ndi chidwi chifukwa ndi mnzawo.

Kenaka pali Utumiki wa Ana, bungwe la Apapa limene linayamba ku France mu 1843, lomwe mfundo yake ndi yoti ana athandize ana anzawo. Pa sukulu gulu limeneli lisangokhala lovina ndi kuimba. Lipatsidwe ntchito yooneka: kudziwa mnzawo amene wajomba sabata yathunthu, kukamuona wodwala limodzi ndi mlangizi, kusonkhanitsa yunifolomu zimene zawachepera kuti zipite kwa osowa. Koma chikatolika chenicheni cha sukulu chimaoneka pa mphunzitsi amene wafika nthawi yake, amene wachonga makope, amene satukwana mwana wochedwa kumva. Sukulu yoimba bwino pa Misa koma ana a Sitandade 4 osatha kuwerenga ndiye kuti yalephera udindo umene mpingo unaimangira.

Madamu a Sitandade 1:
Pa kuwerengapo pali mwayi umene sukulu zambiri zimautaya. Kuyambira 2016 makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 akutsata National Reading Programme: maliwu a malembo, maphatikizo, mawu, kenaka ziganizo, mphunzitsi ayamba yekha, achitira limodzi ndi ana, kenaka ana achita okha. Njirayi imagwira, koma m'kalasi ya ana opitirira 100 mwana mmodzi sapeza mpata wowerenga mokweza ngakhale kamodzi pa sabata. Ndiye owerenga pa asembule ndi pa Misa asamakhale ana awiri omwewo anzeru chaka chonse. Lembani ndandanda, kalasi iliyonse kuyambira Sitandade 3 ikhale ndi sabata yake. Mwana apatsidwe ndime yake masiku asanu zisanachitike, yolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ayeserere katatu pamaso pa mphunzitsi ataima patali mamita khumi kuti aphunzire kukweza mawu ndi kupuma pa mpumiro. Baibulo la Buku Loyera ndi labwino pa asembule chifukwa analimasulira limodzi Akatolika ndi mipingo ina, ndipo Chichewa chake ana amachimva.

China, miphakati, timagulu ta akhristu okhala dera limodzi, ingathe kuthandiza. Ana a Sitandade 2 ndi 3 amene sakutha kuphatikiza asonkhane kawiri pa sabata pakhonde la membala mmodzi, wachinyamata amene anamaliza Fomu 4 aziwawerengetsa mphindi 40. Gulu lisapose ana 15, ndipo mabuku abwerekedwe molemba m'kaundula, apo ayi pofika teremu yachiwiri theka lasowa.

Mphunzitsi wopuma, Kawale:
Madamu anena zoona. Miphakati inazika mizu mu dayosizi ino kuyambira nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, ndipo palibe gulu lina lodziwa khomo ndi khomo kuposa iwo. Ahedi apereke maina a ana ojombajomba kwa atcheya a miphakati kamodzi pa mwezi, kudzera kwa bambo mfumu. Koma maina okha, osati nkhani za m'banja la mwana.

Mlembi wa komiti ya sukulu:
Ndikulemba zonsezi. Tsopano phala. Alipo angatiwerengere?

Mayi wa Mother Group:
Ndiwerenge ine, chifukwa ambiri amayamba ndi chimwemwe nkusiya pakatha masabata atatu. Mwana mmodzi amafuna ufa wokwana magalamu 100 pa tsiku. Ana 800 ndi makilogalamu 80 tsiku lililonse, 400 pa sabata, 5,200 pa teremu ya masabata 13. Kasakanizidwe ka Likuni Phala wopanga tokha ndi magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Ndiye kuti pa teremu imodzi mufuna matumba a makilogalamu 50 okwana 83 a chimanga ndi 21 a soya. Makolo a m'tauni amene amagula chimanga pa ndowa sangakwanitse zimenezo popanda bungwe lothandiza.

Chotheka ndi ichi. Yambani ndi Sitandade 1 ndi 2, tinene ana 300, masiku atatu pa sabata, teremu yachiwiri yokha, kuyambira Januwale mpaka Malichi pamene njala imaluma m'makomo. Masabata 12 ndi makilogalamu 1,080, kutanthauza matumba 18 a chimanga ndi 5 a soya. Onjezanipo awiri a chimanga chifukwa popeta ndi pogaya zina zimatayika. Mugule mu Meyi kapena Juni mitengo ikadali pansi, osati mu Disembala. Chikondwerero cha zokolola ku parishi chingathenso kupatula matumba angapo a sukulu, mukapempha khonsolo ya tchalitchi nthawi ikadalipo.

Kakonzedwe kake. Soya asankhidwe, achotsedwe miyala ndi owola, akazingidwe pa moto wapakati mpaka asanduke wofiirira ndi kununkhira, kenaka asinjidwe pang'ono ndi kupeta kuti makoko achoke. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi, ana amalikana phala, ndipo amatsegula m'mimba. Chimanga chikhale cha mgaiwa, chosakonola, chifukwa chakudya chambiri chili m'gaga. Chilichonse chooneka chuku chitayidwe, musachigaye poganiza kuti moto upha poizoni wake, saphedwa ndi kuphika. Sakanizani musanapite kuchigayo kuti zigayikire limodzi. Gayani za masabata awiri okha, chifukwa ufa wa soya uli ndi mafuta, ukakhalitsa umawawa. Matumba akhale pa mathabwa, osagunda khoma kapena simenti.

Pophika, muyezo umodzi wa ufa ku miyezo inayi kapena isanu ya madzi. Ufa uyambe wasungunulidwa m'madzi ozizira musanathire m'madzi otentha, apo ayi mupeza zibuluma. Likawira lipitirire mphindi 30 mukutakasa mpaka pansi pa mphika. Mchere wa ayodini pang'ono, shuga ngati alipo. Ophika afike 5 koloko kuti ana adye asanalowe m'kalasi. Phala likachedwa nkumagawidwa 9 koloko, ana maso amakhala kukhitchini, ndipo mwataya piriyodi ziwiri.

Katekisti:
Amayi, pa tsiku la Misa pokha musinthe nthawi. Wolandira Ukaristia amayenera kukhala ola limodzi osadya kanthu, kupatula madzi ndi mankhwala. Misa ikayamba 7:30, kulandira kumafika cha m'ma 8:10, ndiye wodya phala 7:20 waphonya. Ngati mukudyetsa Sitandade 1 ndi 2 okha palibe vuto, ambiri sanayambe kulandira. Mukadzafika podyetsa sukulu yonse, akuluakulu adzadye Misa itatha. Ndipo pa Lachitatu la Phulusa phala liphikidwe monga mwa masiku onse. Lamulo losala chakudya limayamba pa zaka 18, losala nyama pa zaka 14. Mwana wa pulaimale asagonekedwe ndi njala m'dzina la Lenti.

Mlangizi wa zaumoyo:
Pamene pali phala pakhale madzi osamba m'manja, apo ayi mwaitana matenda. Tonse tikukumbuka kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo miyezi imene mukufuna kuphikayi ndi yomweyo ya mvula. Ikani mipondagiya pafupi ndi zimbudzi ndi pamzere wa phala, umodzi pa kalasi iliyonse, wa chigubu cha malita asanu. Sopo wamtanda amasowa tsiku lomwelo, ndiye sungunulani sopo waufa m'botolo loboola chivindikiro. Kusambira m'beseni limodzi ana onse nkoipa, kumafalitsa matenda. Mwana aliyense abwere ndi kapu yake, ndipo makapu asatsukidwe m'madzi amodzi osasintha.

Madzi a m'mipopi ya Lilongwe Water Board akasiya, sukulu zambiri zimathamangira ku chitsime chapafupi. Madzi amenewo athiridwe klorini kapena WaterGuard motsata muyezo wolembedwa pa botolo, adikire mphindi 30 asanamwedwe, asungidwe mu ndowa yovindikira yokhala ndi kampopi. Mu ofesi mukhale mapaketi a Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Mwana wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa pomwepo akupita naye kuchipatala, osadikira kuti aweruke. Khitchini itchingidwe ndi mpanda, ndipo phala lituluke m'ndowa kupita kwa ana, ana asayandikire mphika. Ngozi zambiri za phala ndi za kupsa pokankhana.

Msungichuma wa PTA:
Zonsezi zifuna ndalama, ndipo pa ndalama ndi pamene ubale wa sukulu ndi parishi umasokonekera. Pali matumba atatu osiyana, asasakanizidwe. Loyamba ndi SIG, ndalama ya boma yotukulira sukulu, imene imagwiritsidwa ntchito motsata pulani imene makolo, aphunzitsi ndi komiti anagwirizana nkuipereka kwa a PEA. Imeneyo singagulire mikanjo ya otumikira kapena zovala za kwaya. Lachiwiri ndi zopereka za makolo zimene msonkhano wa PTA wavomereza, monga za mlonda, nkhuni ndi chigayo. Lachitatu ndi chopereka cha pa Misa ndi cha Utumiki wa Ana, chimene chimapita ku parishi. Lililonse likhale ndi buku lake, ndalama iliyonse yolowa ikhale ndi risiti ya kaboni, ndipo potapa ku banki pasaine anthu osachepera awiri amene si apachibale. Kumapeto kwa teremu zolowa ndi zotuluka zimatidwe pa bolodi la panja ndi kuwerengedwa pa msonkhano.

Ndipo mwana asabwezedwe kunyumba kapena kumanidwa phala chifukwa kholo silinapereke. Maphunziro a pulaimale ndi aulere kuyambira 1994. Kholo losowa ndalama lipatsidwe njira ina, kuphika tsiku limodzi, kubweretsa mtolo wa nkhuni, kukonza mpanda. Ngongole ndi ya wamkulu, ikambidwe ndi wamkulu.

Mayi wa Mother Group:
Buku la sitoko musaliiwale. Thumba lililonse lotuluka lilembedwe tsiku, kulemera kwake, ndi maina a anthu awiri, wopereka ndi wolandira. Makiyi a sitolo akhale awiri pa maloko awiri, wina kwa ahedi wina kwa amayi. Sikuti tikukayikira munthu, koma kumateteza amene akusunga kuti asanamiziridwe.

Ndikhudzeko za atsikana. Kuyambira Sitandade 5 ena amajomba masiku angapo akakhala kumwezi chifukwa chosowa pobisala. Chofunika ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi chitseko chotsekeka mkati, ndowa ya madzi, sopo, ndi mphunzitsi wamkazi mmodzi wodziwika amene amasunga mapadi ndi chitenje chapadera. Amayi a CWO, bungwe la amayi Achikatolika, ali ndi makina osokera m'maparishi ambiri, apempheni asoke mapadi ochapa limodzi ndi Mother Group. Ndipo mtsikana akatenga pathupi, ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka. Sukulu ya mpingo ndi imene iyenera kukhala yoyamba kukamutenga, osati yoyamba kumutsekera chitseko.

Sisiteri:
Pamenepo ndiwonjezere za chitetezo cha ana, ndipo izi zikhudze aliyense, mphunzitsi, mlangizi, woyang'anira kwaya, mlonda, ngakhale wansembe ndi sisiteri. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Pa maphunziro a kwaya, a otumikira ndi a ovina pakhale akuluakulu awiri, ndipo zithe 4 koloko. Kulapa kwa ana kuchitikire poonekera, pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi chotsegula, anzawo ali patali posamva koma poona. Ana asatumidwe kukagwira ntchito kunyumba ya mphunzitsi kapena ku nyumba ya ansembe. Mwana akaulula kuti wina wamuchita zoipa, womva alembe mawu ake monga wanenera, asamufunse mafunso ambirimbiri, ndipo nkhani ipite tsiku lomwelo kwa ahedi, ku ofesi yosamalira anthu ndi kupolisi. Nambala ya 116 ndi yaulere, ilembedwe pakhoma la kalasi iliyonse. Nkhani yotere siyokambirana pa mphakati kuti anthu akhululukirane mwakachetechete.

Mphunzitsi wa Sitandade 8:
Pempho limodzi la kalasi yanga. Kuyambira teremu yachiwiri, a Sitandade 8 achotsedwe pa ndandanda yotumikira Misa za m'kati mwa sabata ndi za maliro. Anyamata otumikira amakhala odalirika kwambiri pa msinkhu umenewu, ndiye parishi imangoitana omwewo, mwana nkuphonya masamu kawiri pa sabata. A Sitandade 6 aphunzitsidwe kutumikira mu teremu yoyamba kuti alowe m'malo. Tsiku la ulimbitso nalonso lifunsidwe msanga ku parishi, chifukwa limadalira ulendo wa Ambuye Arkiepiskopi, ndipo likayandikana ndi mayeso a moko kapena a MANEB, mwana amagawika pakati. Zikatero ndi bwino alembetse ulimbitso chaka chotsatira kapena akhale atalandira ali Sitandade 7.

Kholo la ku Chinsapo:
Apa ndamva. Komabe pa makalasi a m'mamawa a Sitandade 8, ana ochokera kutali amanyamuka kusanache, ndipo m'nyengo ya mvula mitsinje imadzaza. Komiti iganizirepo.

Mphunzitsi wopuma, Kawale:
Asayambe isanakwane 6:30, ndipo ana a dera limodzi aziyenda pagulu. Mvula ikagwa usiku wonse, wochedwa asalangidwe.

Mlembi wa komiti ya sukulu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndikonza kalendala imodzi yophatikiza masiku a Unduna, a parishi ndi a mayeso, ndipo ndikaipereka kwa bambo mfumu, ahedi ndi a PEA komiti isanakumane. Msonkhano ndausuntha kuchoka Loweruka kupita Lachinayi masana kuti makolo a Seventh Day adzakhalepo. Amayi a Mother Group, nditumizireni padera mtengo wa chigayo pa thumba ndi kuchuluka kwa nkhuni za sabata imodzi kuti ndimalize bajeti ya phala.

Mayi wa Mother Group:
Nditumiza mawa ndikafunsa kuchigayo. Mu bajetimo muikemonso miphika iwiri ya malita 100, zidebe zinayi zovindikira, ndi mithiko italiitali iwiri. Mphika umodzi sukwana ana 300, ndipo kuphika kawiri ndi mphika womwewo ndi kumene kumachedwetsa phala.